Gitala Yolira: Kuchokera ku Hawaii Kufika m'Zigafa za ku Kasungu

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Lilongwe kuloŵera kumpoto, akangooloka mtsinje wa Bua amafika m'dziko lathyathyathya, loti maso amaona kutali popanda chotchinga kupatula phiri la Kasungu limene lidaima lokha ngati mlonda. Kumeneku ndiye kwao kwa fodya. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, pamene masamba akuthyoledwa ndi kusokedwa, ntchito ya m'zigafa imafika mpaka usiku, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 bwenzi la wosoka fodya lidali wailesi ya mabatire yokoloŵekedwa pa mtanda. Mwa nyimbo zimene anthu ankazikonda pa wailesipo mudali za ku Amereka zotchedwa country, zoimbidwa ndi Jim Reeves, Skeeter Davis, kenaka Don Williams ndi Dolly Parton. Ambiri Chingerezi chake sankachimva chonse. Chimene chinkaŵagwira mtima ndi kudekha kwa nyimbozo, ndiponso liu lina limene linkamveka kumbuyo kwa woimba m'zambiri mwa izo, liu la nsambo lotsetsereka mokwera ndi motsika, ngati la mai wolira maliro ali kutsidya kwa dambo.

Liu limenelo ndi la choimbira chotchedwa pedal steel guitar. Sichikolekedwa m'khosi monga gitala wamba. Chili ngati kathebulo ka miyendo inai, pamwamba pake pali nsambo khumi, kapena mizere iŵiri ya nsambo khumikhumi. Woimba amakhala pa mpando, dzanja lamanzere likuyendetsa kachitsulo kosalala pamwamba pa nsambozo, lamanja likukhwacha, mapazi akuponda zopondera ndipo maondo akukankha timipini tokunga kapena kumasula nsambo nyimbo ili mkati. N'chodula, n'chovuta kuphunzira, ndipo ndi Amalaŵi oŵerengeka amene adachiwonapo ndi maso. Koma kulira kwake sikudali kwachilendo m'dziko lino. Agogo a osoka fodya aja adali atakudziŵa kale, ndipo ena mwa iwo ankakutulutsa okha ndi gitala yotsika mtengo ndi botolo lopanda kanthu.

Nkhaniyi idayambira kutali, pa zilumba za Hawaii, pakati pa nyanja ya Pacific. Cha m'ma 1889 mnyamata wina wa pa chilumba cha Oahu, Joseph Kekuku, adayamba kugoneka gitala pa miyendo nayendetsa chitsulo pa nsambo m'malo mozidinikiza ndi zala. Kaimbidweka kadafika ku Amereka, ndipo chitachitika chionetsero chachikulu ku San Francisco mu 1915, nyimbo za ku Hawaii zidaŵanda dziko lonselo. Oimba a kumidzi ya kummwera kwa Amereka adakatengera. Mmodzi wa iwo adali Jimmie Rodgers, amene kale ankagwira ntchito pa sitima za pamtunda. Iyeyu adajambula nyimbo zake pakati pa 1927 ndi 1933, chaka chimene adamwalira ndi chifuwa chachikulu, ndipo m'nyimbo zina adaimba pamodzi ndi eni ake a ku Hawaii, monga Lani McIntire.

Mbale za galamafoni za Jimmie Rodgers ndi za oimba a ku Hawaii zinkagulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg, Bulawayo ndi Salisbury. Kumeneko n'kumene zidakumana ndi ana a ku Nyasaland. Kasungu lidali limodzi mwa maboma amene amuna ake ankachoka ambiri kukafuna ntchito kummwera, ena wapansi monga adachitira Dr. Hastings Kamuzu Banda ali mnyamata, ena kudzera ku Wenela, ena ku Mthandizi amene ankatengera anthu ku minda ya Azungu a ku Southern Rhodesia. Wobwerako atakhalitsa ankafuna kuti mudzi uwone kuti sadapite pachabe. M'bokosi mwake munkakhala suti ndi bulangeti, ndipo amene zidamuyendera ankabwera ndi njinga, galamafoni ya chopukusa, kapena gitala. Nawonso asilikali a King's African Rifles, pobwera ku nkhondo ya ku Burma mu 1945 ndi 1946, adadza ndi magitala ndi mabanjo.

Dzina la Hawaii lidavuta pakamwa, choncho kaimbidweka kadatchedwa hauyani. Woimba hauyani ankakhala pansi kapena pa kampando, gitala itagona chagada pa ntchafu. Kumutu kwa gitala ankaloŵetsako msomali kapena kamtengo pansi pa nsambo kuti zitukuke, zisakhudze thabwa. Nsambozo ankazikunga mwa njira yakuti ukazikhwacha zonse pamodzi osagwirapo zimveke mogwirizana. Tsono m'malo mwa chitsulo cha kusitolo ankatenga botolo laling'ono kapena msana wa mpeni. Ndi zokhazo basi. Chovuta chidali khutu, popeza botolo lilibe poimira: likapitirira pang'ono kapena kupereŵera, nyimbo yaonongeka, ndipo aliyense pabwalo amva.

N'chifukwa chiyani kaimbidwe kochokera kutsidya kwa nyanja ziŵiri kadamera mizu msanga chotere? Yankho lina lili m'zoimbira za makolo. Kaligo, wa nsambo imodzi, nayenso alibe zigawo zoikika. Woimba amafunafuna liu ndi chala mpaka ligwirizane ndi mau ake. Yankho lina lili m'chiyankhulo, pakuti Chicheŵa chimakwera ndi kutsika, ndipo liu likalakwika kamvekedwe tanthauzo limasintha. Botolo limatha kutsata kukwera ndi kutsikako bwino kuposa chala chodumpha kuchoka pa chigawo china kupita pa china. Komanso nkhani za m'nyimbo za Jimmie Rodgers, za munthu wosauka ali kutali ndi kwao, sitima ikumupitirira, sizidali zofuna womasulira kwa mtchona amene adasiya mkazi ndi ana ku Santhe kapena kwa Chulu.

Oimba a nthaŵi imeneyo amene tikuŵadziŵa maina lero ndi okhawo amene adakumana ndi makina ojambulira. Hugh Tracey adayendera Nyasaland mu 1950 ndi 1958 ali ndi galimoto yonyamula makinawo. Ku Lusaka kudali wailesi ya Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsa mau m'Chinyanja, ndipo kuyambira mu 1949 anthu ankaimvera pa kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi asanu. Pa wailesiyo pankamveka Alick Nkhata, msilikali wakale amene adagwirapo ntchito ndi Tracey, woimba mofatsa mosasiyana kwenikweni ndi oimba a country. Kuno kwathu kudatchuka a Paseli Brothers ndi nyimbo yao ya Napolo, yokumbutsa madzi amene adasakaza Zomba mu 1946. Koma pa hauyani weniweni dzina limene lidatsala pakamwa pa anthu ndi la Ndiche Mwarare, amene nyimbo zake zidapitirira kumveka ngakhale pa wailesi ya Malawi Broadcasting Corporation, itakhazikitsidwa mu 1964.

Makina ojambulira ankaima nthaŵi yochepa pa malo, ndipo kaŵirikaŵiri ankapeza oimba a m'matauni ndi a m'mbali mwa miseu ikuluikulu. Woimba wa kumudzi, amene bwalo lake lidali pa moŵa wa masese, pa ukwati kapena pa sitolo ya Mmwenye tsiku Loŵeruka, ankatchuka mtunda wokwanira kuyenda pa njinga. Gitala ikasweka, kapena mwini wake akabwerera ku migodi, nyimbo zake zinkathera pomwepo.

Pofika m'ma 1960 achinyamata adali atatembenukira kwina. Kudabwera kwela ndi simanjemanje kuchokera ku South Africa, kudabwera rumba ya ku Congo, ndipo zonsezi zidali zovinika. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Austria adaŵapeza akuimba m'miseu ya Blantyre mu 1967, adali a m'badwo watsopanowo. Hauyani idasanduka ya madala.

M'zaka zomwezo ku Amereka gitala ya ku Hawaii idali itamera miyendo ndi zopondera. Mu 1953 Bud Isaacs, pojambula nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa Slowly, adaponda chopondera nsambo zili kulira, ndipo oimba anzake ku Nashville atamva adathamangira kokhometsa zopondera pa zoimbira zao. Patapita zaka khumi ndi zisanu, anyamata a tsitsi lalitali oimba rock adayamba kusirira liu limeneli. Mu 1968 gulu la The Byrds lidatulutsa chimbale cha Sweetheart of the Rodeo, m'mene Lloyd Green ndi JayDee Maness adaimba pedal steel. Chidagwa pakati: okonda rock adati n'cha achikulire a kumidzi, okonda country adaŵalandira mozizira pamene adakaimba ku Grand Ole Opry. Gram Parsons, amene adakokera gululo ku njira imeneyi, adalisiya chaka chomwecho pokana kupita nalo ku South Africa ya tsankho. Iye ndi Chris Hillman adayambitsa The Flying Burrito Brothers, ali ndi Sneaky Pete Kleinow pa pedal steel, ndipo chimbale chao choyamba cha mu 1969 sichidayende malonda. Parsons adamwalira mu 1973 ali ndi zaka 26. Ndalama za kaimbidweka adadzazidya ndi a Eagles, ndipo padapita zaka zambiri anthu asadabwerere ku zimbale zoyambazo n'kuvomera kuti ndizo zidalambula njira.

Magulu ameneŵa sadatchuke kuno. Komabe dzanja limodzi la m'menemo lidafika m'zigafa za ku Kasungu mosadziŵika, pakuti Lloyd Green yemwe uja ndiye ankaimba kumbuyo kwa Don Williams m'nyimbo zake zambiri za m'ma 1970. Izi zidachitika pamene Kasungu ankasintha nkhope. Rhodesia italandira zilango za malonda pambuyo pa 1965, fodya wa ku Malaŵi adapeza msika, ndipo nkhalango zidagwetsedwa kuti patsekulidwe maesiteti a Press Farming, a General Farming ndi minda ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Matenanti adadza ndi mabanja ao kuchokera ku maboma othithikana a kummwera. Boma limene kale linkatumiza machona lidayamba kulandira machona a m'dziko momwemo, odya chimanga cha ngongole podikira kuti mabelo agulidwe ku okushoni. Nyimbo ya munthu wosoŵa kwao idapezanso omvera.

Kubwerera ku nyimbo zoiŵalika kudachedwa kuno kuposa ku Amereka, koma kudachitika. Zimene Tracey adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo idasamukira ku Rhodes University mu 1978. Zina mwa izo zidatulutsidwanso pa zimbale zatsopano kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kubik ndi Moya Aliya Malamusi adayenda m'midzi kujambula oimba otsala ndi kulemba za hauyani.

Botolo lenilenilo silidatayidwe konse. Lidangosamuka pa gitala n'kupita pa babatoni, choimbira chachikulu chopangidwa pamudzi ndi mtengo wautali, chikopa cha ng'ombe ndi waya, chimene magulu a anyamata oimba m'misika ndi m'madepoti a mabasi akhala akuchinyamula kwa zaka zambiri. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amachimenya ndi kamtengo dzanja lina likutsetsereza botolo la moŵa pa wayayo, ndipo kanema wake atafalikira pa intaneti adaitanidwa kukaimba ku Ulaya. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adaimba zaka zambiri m'miseu ya Lilongwe anthu akungoŵaponyera timakobiri. Mu 2017 adatuluka m'dziko koyamba kukaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, babatoni wao wa nsambo imodzi ali m'manja.