Ma Processor Osadya Moto Wambiri: Chimene Chimayendetsa Mafoni ndi Zipangizo Zina za M'manja

M'kati mwa foni iliyonse ya m'manja, kaya ndi ya mabatani kapena yamakono, muli kachipangizo kochepa ngati chikhadabo kotchedwa processor. Kachipangizoka ndi kamene kamawerengetsa, kutsata malamulo a mapulogalamu ndi kuuza ziwalo zina za foni chochita. Mlimi akamafunsa mitengo ya mbewu pafoni, kapena wamalonda akamalandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ntchito yonseyo imadutsa mu processor. Popeza anthu ambiri akumudzi amatchaja mafoni ndi sola kapena molipira pamsika, kuchuluka kwa moto umene kachipangizoka kamadya ndi nkhani yokhudza thumba la munthu.

Kapangidwe kake

Processor imapangidwa ndi silicon, chinthu chochokera ku mchenga. Pa kachidutswa ka silicon amaikapo timaswitchi tosaoneka ndi maso, totchedwa ma transistor, timene timatseka ndi kutsegula njira ya magetsi. Processor yoyamba kugulitsidwa pamsika, Intel 4004, inatuluka m'chaka cha 1971 ndipo inali ndi ma transistor 2,300. Inapangidwira makina owerengetsera masamu a kampani ya Busicom ya ku Japan. Lero processor ya foni yamakono imakhala ndi ma transistor mabiliyoni.

Processor ya pakompyuta ya patebulo imadya mphamvu pafupifupi ma watt 65 kapena kuposa, ndipo imafuna chopemerera mphepo kuti isatenthe. Batire la foni lolembedwa 5,000 mAh likanati liziyendetsa processor yotere, likanatha moto pasanathe mphindi 20. N'chifukwa chake zipangizo za m'manja zimafuna mtundu wina wa processor, wogwira ntchito ndi moto wochepa kwambiri.

Chiyambi chake

Mafoni ambiri padziko lapansi amagwiritsa ntchito ma processor a mtundu wa ARM. Mbiri yake inayambira mumzinda wa Cambridge ku England, kukampani ya Acorn Computers. Akatswiri awiri, Sophie Wilson ndi Steve Furber, anatsogolera ntchito yokonza processor yotsatira malamulo ochepa ndi osavuta, njira imene imadziwika ndi dzina loti RISC. Processor yawo yoyamba inagwira ntchito mu April 1985 ndipo inali ndi ma transistor pafupifupi 25,000.

Cholinga chawo chachikulu chinali kuchepetsa mtengo. Ankafuna processor yosapitirira watt imodzi kuti aikute ndi pulasitiki wotchipa m'malo mwa zinthu zodula zopirira kutentha. Ataiyesa anapeza kuti ikudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a watt imodzi. Kusadya moto kumeneku n'kumene kunadzaipatsa msika.

M'chaka cha 1990, makampani a Acorn, Apple ndi VLSI Technology anakhazikitsa kampani ya Advanced RISC Machines. Mu 1993 Apple inatulutsa kompyuta ya m'manja yotchedwa Newton, yokhala ndi processor ya ARM. Newton sinayende malonda kwenikweni, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Nokia inaika ARM m'foni yake ya 6110, ndipo opanga mafoni ena anatsatira. Foni ya iPhone ya mu 2007 ndi mafoni ambiri a Android anadzera njira yomweyo.

Kampani ya Arm sipanga yokha ma processor a mafoni. Imagulitsa chilolezo chogwiritsa ntchito mapulani ake kwa makampani monga Qualcomm, MediaTek, Samsung, Apple ndi Unisoc, ndipo ambiri mwa ma processor amenewa amapangidwira m'mafakitale a ku Taiwan ndi ku South Korea.

Mmene moto umasungikira

Pali njira zinayi zikuluzikulu. Yoyamba ndi kapangidwe kosavuta. Transistor imadya moto makamaka pamene ikutseka kapena kutsegula, choncho ntchito ikamatheka ndi ma transistor ochepa, moto wochepa ndi umene umapita.

Yachiwiri ndi kutsitsa mphamvu yokankha magetsi, imene imayezedwa m'ma volt. Mphamvuyi ikatsika ndi theka, moto wopita pa kutseka ndi kutsegula umatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 4. Processor imatsitsa yokha mphamvuyi pamodzi ndi liwiro lake ntchito ikachepa, ndipo imazikweza ntchito ikakula.

Yachitatu ndi kugona. Foni ikakhala m'thumba, mbali zambiri za processor zimazima, n'kutsala kagawo kochepa kodikira uthenga kapena kuimba kwa foni.

Yachinayi ndi kugawana ntchito. Mu 2011 Arm inalengeza njira yotchedwa big.LITTLE, yoika magawo amphamvu ndi magawo osadya moto mu processor imodzi. Monga mmene wamalonda satengera lole popita ndi thumba limodzi la mtedza kumsika, ntchito zopepuka monga kulemba uthenga zimapita ku magawo aang'ono, pamene zolemera monga kujambula kanema zimadzutsa aakulu.

Zipangizo zina

Ma processor osadya moto wambiri amapezekanso m'makina a m'manja olipirira ndi khadi la kubanki, m'masikelo a manambala, m'zipangizo zoyezera chinyontho cha chimanga, m'zipangizo za GPS zoyezera kukula kwa munda ndi m'makina oyezera shuga m'magazi. Ngakhale SIM khadi ili ndi processor yakeyake yaing'ono.

Zoyenera kudziwa pogula ndi posamala foni

Kukula kwa batire pakokha sikutsimikiza kuti foni isunga moto. Mafoni awiri a 5,000 mAh akhoza kusiyana ndi maola angapo chifukwa cha processor, sikirini ndi mapulogalamu. Wogula afunse dzina la processor. Nambala yolembedwa ndi zilembo za nm imasonyeza m'badwo wa kapangidwe kake, ndipo kawirikawiri nambala yaing'ono, monga 6 nm poyerekeza ndi 12 nm, imatanthauza kusadya moto. Amene akufuna foni yoimbira ndi kutumizira ndalama basi angathandizidwe bwino ndi foni ya mabatani, imene imatha masiku angapo isanatchajidwenso.

Moto wina umathera pa kuwala kwa sikirini ndi pa kufunafuna netiweki, makamaka kumalo kumene netiweki ndi yofooka. Kuchepetsa kuwala, kuzimitsa intaneti pamene sikugwiritsidwa ntchito ndi kuchotsa mapulogalamu osafunika kumatalikitsa nthawi ya batire.

Kutentha kumawononga batire ndipo kumachititsa processor kuchepetsa liwiro lake pofuna kudziteteza. Foni isasiyidwe padzuwa, ndipo potchaja ndi sola, panelo ikhale padzuwa koma foni ikhale pamthunzi. Batire lotupa lisagwiritsidwenso ntchito, lisabooledwe ndiponso lisaponyedwe pamoto.

Ku Malawi, bungwe la MACRA ndi limene limavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana. Ogula akulimbikitsidwa kugula kwa ogulitsa odziwika, kuyerekeza nambala ya IMEI ya pabokosi ndi imene imaoneka akaimba *#06#, ndi kusunga lisiti.