Mabuku a Mbiri ndi Miyambo: Ndani Anawalemba?

Mwana wasukulu wa ku Ligowe m'boma la Neno akafuna kudziwa kumene makolo ake anachokera, ali ndi njira ziwiri: kukakhala pakhonde ndi agogo ake kapena kutsegula buku. Ambiri amathamangira buku poganiza kuti cholembedwa sichinama. Komatu mabuku oyamba a mbiri ndi miyambo m'Chichewa anachokera m'kamwa mwa agogo omwewo, ndipo asanafike m'kalasi anadutsa m'manja mwa anthu amene anali ndi zolinga zawozawo.

Ntchito yoika Chinyanja papepala inakula ndi amishoni. M'chaka cha 1892, David Clement Scott wa pa mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja imene, kuwonjezera pa kumasulira mawu, inalongosolanso zikhulupiriro ndi makhalidwe a anthu. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922 patapita zaka zoposa makumi awiri za ntchito yomasulira imene anaitsogolera William Murray wa mpingo wa Dutch Reformed. Makina osindikizira nawo anali m'manja mwa mipingo, ku Blantyre, ku Nkhoma, ku Livingstonia ndi ku Likuni. Motero mwini makina ndiye ankasankha buku loyenera kusindikizidwa.

Ngakhale zinali choncho, eni dziko sanadikire kuti alendo awalembere zonse. Mu 1919 wansembe wa mpingo wa Anglican, Yohanna Abdallah, amene ankatumikira ku Unangu m'dziko la Mozambique, anatulutsa Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao m'chilankhulo chawo. Kumpoto, Yesaya Chibambo analemba za Angoni a M'mbelwa. Koma kwa owerenga Chichewa, dzina limene linamveka koposa ndi la Samuel Yosia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, yemwe anabadwa mu 1905. Buku lake la Nthondo linapambana mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa mu 1933, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Nkhaniyo imatenga munthu kuyambira kubadwa, kukula m'miyambo ya pamudzi, kulowa ufumu, mpaka kutembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Mathero otere sadabwitsa munthu akakumbukira kumene wolembayo ankagwira ntchito.

Cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1940, Nthara anatulutsa Mbiri ya Achewa. Iye anasonkhanitsa zimene mafumu ndi nkhalamba anamuuza za ulendo wa makolo, za Kalonga ndi Undi, za mafuko a Phiri ndi Banda, komanso za kachisi wa mvula ku Msinja kumene kunkakhala Makewana. Ubwino wa bukuli ndi wakuti linagwira mawu a anthu amene anabadwa Atsamunda asanakhazikike, mawu amene akanalowa nawo m'manda. Kuvuta kwake kukuchokera pomwepo. Mfumu iliyonse posimba mbiri imakometsa mpando wake, ndipo nkhalamba siwerenga zaka koma imati "nthawi ya njala" kapena "nthawi ya nkhondo ya Angoni". N'chifukwa chake pamene bukuli linatuluka m'Chingerezi mu 1973, katswiri wa mbiri Harry Langworthy anawonjezamo ndemanga zounika nkhanizo poyerekeza ndi maumboni ena. Zimenezi sizinyozetsa Nthara ayi. Munthu amene analibe galimoto kapena makina ojambulira mawu anasiya chuma chimene akatswiri a m'mayunivesite akhala akukumba kwa zaka zambiri.

Kummwera, E. W. Chafulumira, yemwe anali Mkatolika, anatulutsa Mbiri ya Amang'anja mu 1948, ndipo anasimbamo za M'bona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Kenaka kunabwera Maliro ndi Miyambo ya Achewa la Archibald Makumbi mu 1955, Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe ndi Onani Angoni la K. D. Philip mu 1965. Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, mabuku ngati amenewa anawerengedwa m'sukulu kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndi ana a mitundu yonse. Ena mwa anawo anakula akudziwa bwino za Kalonga kuposa za mafumu a kwawo.

Nkhani ya chipembedzo cha makolo ndiyo inali ndi minga. Mipingo imene inkasindikiza mabuku ndi yomwenso inkalimbana ndi Nyau m'midzi, makamaka m'zaka za m'ma 1920. Mphunzitsi wa mishoni akanatha kulemba momasuka za ukwati, maliro ndi ulemu kwa akulu, koma za kudambwe ankayenda mosamala, poopa abusa mbali ina ndi eni mwambo mbali inayo. Chodabwitsa n'chakuti amene anadzalemba mozama za chipembedzochi pambuyo pake ndi ansembe achikatolika: Matthew Schoffeleers za M'bona ndi J. W. M. van Breugel za chipembedzo cha Achewa. Onsewa analemba m'Chingerezi. Pamene bungwe la UNESCO linkalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, mwana wa pamudzi anali ndi mabuku ochepa m'chilankhulo chake omufotokozera tanthauzo la guleyo.

Nanga mwana wa ku Ligowe uja amapezamo chiyani? Nthara maso ake anali m'chigawo chapakati, ndipo Chafulumira ankalemba za Amang'anja a m'chigwa cha Shire. Za Angoni a Gomani, amene ali ndi abale m'mapiri a Neno, angazipeze kwa Philip. Mipingo nayo inasunga zake. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikitsa Matandani mu 1908, mishoni yake yachiwiri m'dziko muno pambuyo pa Malamulo. Mbiri ya Matandani anailemba ndi Yonah Matemba, ndipo a Kachere ku Zomba anaisindikiza m'Chingerezi mu 2003, chaka chomwe Neno inapatuka ku Mwanza n'kukhala boma palokha.

Koma mbiri ya dera si ya mishoni yokha. Pali nkhani za m'mene maufumu a Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon anakhazikikira. Pali za amuna amene anapita ku Joni pa Wenela mpaka ulendowo utaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Palinso za anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anasungidwa ku Chifunga ndi ku Luwani. Amene anaona azungu oyamba akufika ku Matandani onse anatsikira kuli chete. Amene anapita ku Wenela atsala owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo akuyenda ndi ndodo.