Nungu ya m'Botolo la Mkaka

Ndikauza ophunzira anga kuti m'thupi mwawo muli jini yotchedwa nungu, amayesa nthabwala. Komatu ilipo, pa kromozomu X, ndipo dzinali lili ndi mbiri yake.

Mwambo wotcha jini mayina otere unayambira ku New York, m'kachipinda ka pa yunivesite ya Columbia, momwe Thomas Hunt Morgan ankawetera tintchentche ta pazipatso m'mabotolo a mkaka, n'kumatidyetsa nthochi. Ndi tomwe tija timaunjirira pa mango owola, ndipo kwawo kwenikweni n'kuno kwathu: kafukufuku wa mu 2018 anasonyeza tintchentcheti tikudya mfula m'thengo la Matobo ku Zimbabwe. Mu 1910 Morgan anaona kamphongo ka maso oyera pakati pa tinzake ta maso ofiira. Jini yake anaitcha white, chonsecho ntchito yake ndi yothandiza kufiiritsa maso. Kuyambira pamenepo oweta tintchentche akhala akutchula jini potengera chilema chimene chimaoneka ikawonongeka, monga momwe kumudzi dzina la munthu limachokera pa tsiku limene anachita manyazi pagulu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Heidelberg, Christiane Nüsslein-Volhard ndi Eric Wieschaus ankakhala pa maikulosikopu imodzi ya anthu awiri, kuyang'ana mphutsi za tintchentche zakufa zikwizikwi. Mphutsi yabwino imakhala ndi mizere ya timinga kumimba, pakati pake posalala. Zina zinkatuluka timinga ponseponse. Zotsatira anazifalitsa mu 1980, mphoto ya Nobel inabwera mu 1995. Ine chimene chimandigwira mtima si mphotoyo ayi, koma kupirira kwa anthu awiri ophunzira bwino amene ankawerenga minga ya mphutsi tsiku ndi tsiku. Nungu yathuyi inatulukira mwa njira yomweyo, ndipo gulu la Norbert Perrimon ku Harvard ndilo linafotokoza jini yake, porcupine (ndiye kuti nungu m'Chingerezi), mu 1996.

Ntchito yake ndi iyi. Mwana akamaumbika m'mimba, maselo amatumizirana mauthenga kuti aliyense adziwe pokhala ndi choti asanduke. Umodzi mwa mauthengawo ndi puloteni yotchedwa Wnt. Isanatuluke m'selo, enzaimu yopangidwa ndi jini imeneyi imaimata kachidutswa ka mafuta. Popanda mafutawo uthenga umangokhala m'selo momwemo, ndipo maselo oyandikana nawo samva kanthu.

Madokotala anali atakumana kale ndi vutoli osadziwa gwero lake. Mu 1962 Robert Goltz, dokotala wa khungu ku America, analemba za ana obadwa ndi khungu lopyapyala malo ena moti mafuta a m'kati amatumphukira kunja, zala zomatana kapena zosakwana, mano ndi maso osakula bwino. Ambiri ndi atsikana, chifukwa mwana wamwamuna ali ndi X imodzi yokha ndipo kawirikawiri safika pobadwa. Panapita zaka 45, mpaka 2007, kuti magulu awiri a ofufuza aone kuti yawonongeka ndi jini ya tintchentche ija.

Apa ndi pamene nthabwala ya m'labotale imakhala yosasekanso. Mayi amene wanyamula khanda lotere sungamuuze za nungu. M'mabuku a zachipatala amangolemba PORCN, ndipo ndikuona kuti amachita bwino. Makampani a mankhwala akhala akuyesa kutseka dala enzaimu imeneyi mwa odwala achikulire, poti khansa zina zimakula ndi uthenga womwewo wa Wnt.