Venus, Mafuta ndi Chipululu: Nthano ya Len Lye ya 1936

Kwathu nthano imayamba ndi "padangotere", omvera n'kuvomera kuti "tili tonse". Nditayamba kufufuza makanema akale a zidole muno mu London, ndinkadzifunsa kuti: wolemera akabwereka nthano, phunziro lake limakomera ndani?

Funsoli linandifikitsa kwa Len Lye, mmisiri wa ku New Zealand amene anafika mu London mu 1926. Asanabwere, akuluakulu a boma la atsamunda anamuthamangitsa ku Samoa chifukwa chokhala pakati pa eni dziko. Kanema wake woyamba, Tusalava, anaonetsedwa ndi bungwe la Film Society mu 1929. Kanemayu amasimba za chiyambi cha moyo, ndipo maonekedwe ake anatengera luso la anthu a ku Samoa, Amaori ndi eni dziko la Australia.

Mu 1936 Lye anapangira kampani ya mafuta ya Shell kanema wa zidole wotchedwa The Birth of the Robot. Munthu akuyendetsa galimoto m'chipululu cha Egypt, chimphepo cha mchenga n'kumupha, n'kutsala mafupa okhaokha. Venus, mulungu wamkazi wa Aroma, akuimba zeze ali m'chigoba cha nkhono, chomwenso ndi chizindikiro cha Shell. Nyimbo yake ikusanduka madontho a mafuta, mafupa aja n'kudzuka ngati loboti, ndipo misewu ikufalikira padziko lonse.

Ndale zake zili poti chipululucho chilibe eni. Chaka chomwecho Britain inasaina pangano ndi Egypt lolola asilikali ake kukhalabe pa Suez Canal, njira imene sitima zamafuta zinkadutsa. Woonera mu London ankaphunzitsidwa kuti dziko lakutali ndi mchenga wongodikira makina, ndipo kuti milungu yavomereza zimenezo. Chodabwitsa n'chakuti wojambula wake ndi yemwe uja analawako nkhanza za atsamunda ku Samoa.

Ife ophunzira Chichewa timakonda kumasulira nthano za Kalulu ngati nkhani za ana. Komatu Kalulu akapusitsa Njovu kapena Mkango, nkhani imakhala ya mphamvu ndi ulamuliro. N'chifukwa chake ndikatenga nthano yolembedwa m'buku la nthawi ya atsamunda, ndimayamba ndafufuza amene anaisankha, amene analipira posindikiza, komanso amene sakutchulidwamo.