Makanema osankhidwa a pa intaneti: zomwe mabanja a ku Chifunde ayenera kudziwa

Makanema osankhidwa ndi mndandanda wa mafilimu umene kampani yoonetsa makanema pa intaneti imasonkhanitsa pa mutu umodzi, kuti woonera asavutike kufufuza pakati pa mafilimu zikwizikwi. Kwina amasankha ndi anthu odziwa za mafilimu, kwina imasankha ndi kompyuta potengera zomwe munthu adaonera kale. M'boma la Chifunde, chigawo cha Tete, makanema otere amafika kudzera pa mafoni a Movitel, Vodacom ndi Tmcel, komanso pa mamemori khadi amene anthu amakoperana. Mitundu itatu yomwe imapezeka kawirikawiri pa mindandanda imeneyi ndi makatuni a kum'mawa kwa Asia, mafilimu a anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndi mafilimu opangidwa ndi anthu oima paokha.

Makampani ake

Netflix idayamba kupezeka ku Mozambique mu Januwale 2016, pomwe idatsegulidwa m'maiko oposa 130 nthawi imodzi. MUBI, yomwe adaiyambitsa ndi Efe Cakarel mu 2007, idatchuka poika filimu imodzi yatsopano tsiku lililonse, n'kuichotsa pakatha masiku 30. Crunchyroll ndi ya makatuni a ku Japan, ndipo kampani ya Sony idaigula mu 2021. Makampani onsewa amasankhira kutali, ndipo mawu omasulira pa makanema awo amakhala m'zilankhulo monga Chipwitikizi ndi Chingerezi.

Makatuni a kum'mawa kwa Asia

Makatuni a ku Japan amatchedwa anime, a ku China amatchedwa donghua. Situdiyo yodziwika kwambiri ndi Studio Ghibli, yomwe idakhazikitsidwa mu 1985 ndi Hayao Miyazaki, Isao Takahata ndi Toshio Suzuki. Filimu ya Miyazaki ya 2001, yomwe m'Chipwitikizi imadziwika kuti A Viagem de Chihiro, idapata mphoto ya Oscar mu 2003. Kuyambira mu Febuluwale 2020, Netflix idayamba kuonetsa mafilimu 21 a situdiyoyi m'maiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa. Ku China, katuni ya Ne Zha 2 ya 2025 idapeza ndalama zoposa madola 2 biliyoni m'nyumba zoonetsera makanema.

Makolo ambiri amaganiza kuti katuni iliyonse ndi ya ana. Ku Japan sizili choncho. Filimu ya Takahata ya 1988, Grave of the Fireflies, imafotokoza za ana awiri amasiye omwe amwalira ndi njala kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Makatuni ena ali ndi kukhetsa magazi ndi zogonana, ndipo adapangidwira akuluakulu okha.

Mafilimu a anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha

Mafilimu amenewa amafotokoza moyo, chikondi ndi mavuto a anthu oterewa, ndipo ena mwa iwo ndi a mu Africa muno. Rafiki, ya Wanuri Kahiu wa ku Kenya, idaonetsedwa ku Cannes mu 2018 koma kwawo idaletsedwa. Khoti lidailola kwa masiku 7 okha mu Seputembala chaka chomwecho. Inxeba, ya John Trengove ya 2017, nkhani yake imachitikira ku chinamwali cha anyamata a Chixhosa ku South Africa. Mafumu ena adadandaula kuti yaulula zinsinsi za mwambo, moti mu 2018 idaikidwa m'gulu la makanema olaula mpaka khoti lidasintha chigamulocho.

Malamulo pa nkhaniyi ndi osiyana m'dera lino. Ku Mozambique, lamulo la zilango lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Juni 2015 lidachotsa ndime za nthawi ya atsamunda zomwe zinkaletsa kugonana kotere. Ku Zambia ndi mlandu mpaka pano, ndipo ku Malawi khoti la malamulo aakulu lidagamula mu Juni 2024 kuti chiletsocho chipitirire. Izi n'zofunika kwa anthu a ku Chifunde omwe amadutsa malire a Cassacatiza kupita ku Chanida ndi Katete.

Mafilimu a anthu oima paokha

Awa ndi mafilimu opangidwa popanda makampani aakulu, nthawi zambiri ndi ndalama zochepa. Nkhani zofanana ndi moyo wa kuno zimapezeka kwambiri m'gulu limeneli. Comboio de Sal e Açúcar, ya Licínio Azevedo ya 2016, imaonetsa ulendo wa pa sitima kuchoka ku Nampula nthawi ya nkhondo, anthu atanyamula mchere kukasinthanitsa ndi shuga wa ku Malawi. Resgate, ya Mickey Fonseca ya 2019, idakhala filimu yoyamba ya ku Mozambique kulowa pa Netflix mu 2020. The Boy Who Harnessed the Wind, ya Chiwetel Ejiofor ya 2019, ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata yemwe adapanga makina a mphepo otulutsa magetsi. Mbali yaikulu ya filimuyi amalankhula Chichewa.

Kale ndi lero

Kusankhira anthu makanema kudayamba kale ku Mozambique. Ufulu utabwera mu 1975, boma lidakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, yomwe inkapanga nkhani za pa kanema zotchedwa Kuxa Kanema, ndipo magalimoto ankazitengera kumidzi. Nthawi imeneyo boma ndilo linkasankha, mudzi wonse n'kuonera pamodzi. Lero mwana amatha kuonera yekha pa foni, makolo osadziwa kuti wamusankhira ndani.

Mtengo ndi zaka za woonera

Malinga ndi Netflix, kuonera ola limodzi pa chithunzi chotsika kumadya pafupifupi 0.3 GB, pomwe chithunzi chowala bwino chimatha kudya mpaka 3 GB. Kumene netiweki ndi yofooka, ndi bwino kukopera filimu pa foni kaye n'kuonera pambuyo pake. Filimu iliyonse pa Netflix imakhala ndi chizindikiro cha zaka, monga 7+, 13+, 16+ kapena 18+, ndipo kholo likhoza kutsegula gawo la ana kapena kuika nambala yachinsinsi. Filimu ikakoperedwa pa memori khadi, chizindikirocho nthawi zambiri sichioneka. Pamenepo kholo liyenera kufunsa dzina la filimuyo, kapena kuionera kaye lisanapereke foni kwa mwana.