Mtsutso wa Ophunzira: Mmene Tingayambire Pano pa Likoma

Achinyamata anzanga, mtsutso si zotukwanizana za pa Facebook zija ayi, ndi kupikisana mfundo mwadongosolo. Kuti kalabu iyambe, kaya pa Likoma Secondary kaya ku Chizumulu, pamafunika mphunzitsi woyang'anira, woweruza ndi wosunga nthawi basi.

Pa mpikisano wa World Schools, mbali iliyonse imakhala ndi olankhula 3, aliyense mphindi 8, kenaka mmodzi amaomba mkota kwa mphindi 4. Mbali simusankha nokha. Nthawi zina mumateteza mfundo yomwe simugwirizana nayo, ndiye mumaphunzira kumvetsera musanayankhe.

Ine ndingayambe ndi mutu wapakhomo: "Usodzi uziimitsidwa nsomba zikamaswana." Mwana wa msodzi autsutse lero, sabata yamawa auteteze.