Manda Wilderness: thengo lotetezedwa la kumtunda kwa Cobué

Manda Wilderness ndi dera la mahekitala pafupifupi 120,000 m'boma la Lago, chigawo cha Niassa. Derali limayambira m'mphepete mwa Nyanja ya Niassa, moyang'anizana ndi chilumba cha Likoma, n'kukwera mapiri a kuseri kwa Cobué. Muli nkhalango ya mitengo ya mombo ndi masuku, madambo, zigwa za udzu ndiponso matsitso a miyala omwe khasu silingalimemo. Midzi 16 ndiyo inagwirizana kupatula malowa, ndipo imayankhula kudzera m'bungwe lawo la Umoji mothandizana ndi Manda Wilderness Community Trust.

Chifukwa chake

Nyama zam'tchire zinachepa kwambiri kuno pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu ndiponso nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992. Koma chotetezedwa si nyama zokha. Udzu wa m'mapiri ndiwo umagwira dothi. Moto ukayatsidwa mu Seputembala kapena Okutobala, udzu utauma gwa, umanyeketsa ngakhale mitengo yaing'ono, ndipo mvula yoyamba imapeza nthaka ili pambalambanda. Madzi amakumba zigwembe, nakokolera matope m'mitsinje mpaka kunyanja. Matopewo amakwirira malo amene chambo chimaswerana, komanso miyala ya m'mitsinje momwe mpasa zimakwera kukaikira mazira. Dambo nalo likalimidwa mpaka pakati, limaleka kusunga madzi a chilimwe, zitsime n'kuphwa msanga.

Zimene lamulo likunena

Lamulo la Mozambique losamalira zachilengedwe, nambala 16/2014, limagawa malo otetezedwa m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la malo otetezedwa kotheratu, monga mapaki a dziko, komwe kusaka ndi kudula mitengo n'koletsedwa. Gulu lachiwiri ndi la malo omwe anthu amaloledwa kupindulamo mosamala, ndipo m'gululi muli malo osamalidwa ndi midzi, amene m'Chipwitikizi amatchedwa área de conservação comunitária. Bungwe la boma loyang'anira malo otetezedwa ndi ANAC.

Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, koma limavomereza ufulu wa midzi pa malo amene yakhala ikugwiritsa ntchito mwa chikhalidwe chake, ngakhale popanda chikalata. Munthu kapena kampani yofuna malowo iyenera kuyamba yakambirana ndi eni mudzi. Kuwonjezera apo, magawo 20 pa 100 alionse a misonkho yochokera ku nkhalango ndi nyama zam'tchire amayenera kubwerera kumidzi ya kumene zinthuzo zachokera.

Malo ena oyandikana nawo

Mu 2011 boma linakhazikitsa Reserva Parcial do Lago Niassa, yoteteza mbali ya nyanja ya ku Mozambique, ndipo chaka chomwecho nyanjayi ndi gombe lake zinalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar. Ku boma la Sanga kuli Chipanje Chetu, komwe midzi imasamaliranso thengo lake.

Zovuta kwa alimi

Nyama zikachuluka, anyani ndi nguluwe zimawononga chinangwa ndi chimanga. Mabanja akamakula amafunanso minda yatsopano. N'chifukwa chake malire a malo olima, odyetsera ziweto, omweta udzu wofolerera ndi osiyira thengo amafunika kugwirizanidwa pa msonkhano wa mudzi, pamaso pa mfumu, ndi kulembedwa. Kutentha tchire koyambirira, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, ndi kulambula njira zotchinga moto kumachepetsa kuwonongeka kwa dothi, minda ndi nyumba.